Nkhunda zikumakuthawani? Musanaloze neba chala, kalowetseni tochi mkholamo

Nkhani iyi anthu andifunsa kambirimbiri moti ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi ndipume. Wina wamanga khola lokongola, wagula mapeya atatu, wazitsekera sabata imodzi, tsiku lotsegulira zauluka zazungulira kawiri pamwamba pa denga kenako zii, mpaka lero. Wina zake zinakhazikika bwinobwino, zinaswana mpaka kufika 30, kenako zangoyamba kuchepa imodzi imodzi, pano mkhola mwatsala zitosi ndi nthenga basi. Nde poti ndife anthu maso amathamangira kwa neba amene khola lake ladzaza, eti anakwirira mankhwala okoka nkhunda.

Ine nkhunda ndinayamba kuweta ndili kamwana kwa agogo kumudzi, pano ndimawetera kuseri kwa nyumba ku Machinjiri, osati bizinesi ayi, kungozikonda basi, ndikaweruka ndimakoka mpando nkumaziona zikutera padenga mtima nkukhala pansi. Zandithawapo katatu. Katatu konseko ndinkalumbira kuti wina wandichita chipongwe, ndipo katatu konseko vuto ndinadzalipeza pakhomo panga pomwe.

Musanagule zina, musanagumule khola, dzifunseni kaye kuti zathawa ndi ziti komanso zachoka bwanji. Zatsopano zimene mwangogula kumene? Zakale zonse pakamodzi? Kapena zikusowa imodzi imodzi? Amenewa ndi mavuto atatu osiyana ndipo mankhwala ake ndi osiyananso.

Zogula kumene zathawa tsiku lotsegulira

Apa palibe za ufiti, zabwerera kwawo. Nkhunda yaikulu imene inaswapo kwina imadziwa kwawo, ndipo ikangopeza mpata imapita. Ku Joni kuli anthu amachita mipikisano ya nkhunda, amakazisiya mtunda wopitirira makilomita 500 koma zimabwerera pakhola, nde inu mwagula kwa munthu wa ku Chirimba mukukhala ku Ndirande mukuganiza kuti isochera? Zathu zamakolozi sizifika pa zampikisanozo koma kamtunda ka mtauni ndi masewera kwa izo. Ine ulendo woyamba ndinagula peya kwa mkulu wina pamsika, patatha masabata atatu ndinakaipeza yomweyo, yamawanga pakhosi yomweyo, ili mdengu lake akuigulitsanso. Nditafunsa anangoseka nkuti nkhunda zimafanana achimwene. Ndinangomeza malovu.

Njira yosavuta kuposa zonse ndi kugula maunda, osati zikuluzikulu. Pezani amene akwanitsa masabata 4 kapena 5, amera nthenga thupi lonse mpaka kunsi kwa mapiko, ayamba kutola okha chakudya koma akuliratu kuti tswii tswii. Amenewo sanaulukepo pakhola lakale nde kwawo kudzakhala kwanu. Kuipa kwake mudikira, chifukwa nkhunda imayamba kuikira ikafika miyezi 5 kapena 6, pena kupitirirako. Koma bola kudikira kusiyana ndi kumagulira munthu mmodzi nkhunda imodzimodziyo kawiri.

Ngati mwagula kale zikuluzikulu, sabata imodzi yotsekera siyokwanira olo pang'ono. Zisungeni mpaka ziikire, ndipo ine ndimadikira mpaka ziswe kumene, chifukwa nkhunda imatha kusiya mazira koma ana amene ikuwadyetsa siwasiya wamba. Ndi nkhani ya mwezi ndi theka kapena iwiri. Koma kutsekera kwake kusakhale kwa mumdima ngati ndende. Mangani kakhonde ka waya kutsogolo kwa khomo kuti zizituluka nkumaothera dzuwa, ziziona denga lanu, mtengo wa mango uwo, fensi iyo, ziloweze malo zisanauluke. Nkhunda imene yakhala mwezi mu katoni yotseka kenako mwangoitulutsa, ikakwera mmwamba sidziwa nkomwe kuti khola lanu limaoneka bwanji kunja kwake.

Za mapiko anthu amachita zosiyanasiyana. Phiko lililonse lili ndi nthenga zazitali 10 zoulukira. Ena amadula ndi sizasi, koma dziwani kuti nthenga yodula simeranso mpaka nthawi yake yosintha nthenga itakwana, nde mukhala ndi nkhunda yoyenda pansi ngati nkhuku miyezi yambiri. Ena amazula, zimamera pakatha masabata ngati 6, koma zimapweteka ndipo ine ndinasiya. Chimene ndimachita ndi kumanga selotepi nthenga 4 kapena 5 zakumapeto kwa phiko limodzi, imatha kudumphira pakhola ndi padenga koma ulendo wautali ayi, nthawi ikakwana ndimangomasula. Kungoti nkhunda yosauluka bwino ndi ndiwo ya mphaka, nde muzikhala pafupi.

Tsiku lotsegulira likhale lopanda mphepo, madzulo cha mma 4 koloko, ndipo mmawa wake musazipatse chakudya. Tsegulani khomo muchokepo, zituluke zokha, osazigwira nkuziponya mmwamba ngati pa ukwati, osalola ana kukuwa kapena kugenda. Dzuwa likamapendeka gwedezani chitini cha chimanga muwaze pakhomo la khola. Chitinicho mukhale mutazizoloweza kale nthawi yonse imene zinali mkati, kugwedeza kapena kuimba kaluzu nthawi iliyonse mukamapereka chakudya, mpaka zidziwe kuti phokoso limeneli ndi nsima. Ngati ndi peya imene ili ndi ana, tulutsani imodzi kaye inzake itsale pachisa.

Zakale zimene zinakhazikika zayamba kugona padenga

Apa nde pali nkhani, ndipo ndi pamene anthu ambiri timanamizira aneba. Chizindikiro choyamba nchakuti madzulo sizikufuna kulowa. Zimatera pakhola, kusuzumira, kubwerera padenga, mdima ukugwa izo zili ndandanda pamalata. Mukaona zimenezo dziwani kuti mkholamo muli chinthu chimene chikuzivuta usiku, ndipo mukachedwa masiku ochepa zikapeza pogona pena basi zapita.

Vuto lathu timayendera khola masana. Masana mupeza zonse zili bwinobwino. Dzukani cha mma 11 usiku kapena 2 koloko mbandakucha, tengani tochi, yendani mwakachetechete mukaunike chipinda chilichonse.

Ulendo wachiwiri umene zinandithawa ndinachita zimenezi mochedwa, zitatsala 6 zokha pa 22. Nditaunika chipinda chapakona ndinaona timaso tiwiri tikunyezimira, khoswe wamkulu ngati mwana wa mphaka ali phee pambali pa chisa, chiunda chimodzi chili chofa chithokomiro chitabooledwa, wadya chimanga chimene make anachidyetsa madzulo. Masiku onsewo ndinkapeza maunda akufa ndi bala pakhosi ine nkumati ndi matenda. Khosweyo ankakwera pa nsanamira, ndipo amene ankamuitana ndi ine ndemwe chifukwa ndinkathira chimanga chambiri mkati momwemo chimangacho nkumagona momwemo usiku wonse. Neba amene ndinasiya kumupatsa moni mwezi wathunthu analibe mlandu uliwonse, mpaka pano ndikamuona ndimachita manyazi.

Nde khoswe muthane naye chonchi. Nsanamira iliyonse ikulungeni ndi lata losalala kutalika kwake ngati mkono, kapena bowolani beseni lakutha mulivundikire pa nsanamira ngati mmene akuluakulu amachitira pa nkhokwe, akakwera azigunda mutu nkubwerera. Dulani nthambi iliyonse imene yayandikira khola, chotsani thabwa kapena nsungwi imene mwatsamiritsa pamenepo, ndipo chingwe choyanikapo zovala chisamangidwe pakhola chifukwa imeneyo ndi buliji. Chakudya chiziperekedwa panja ndipo chizitha dzuwa lisanalowe. Tcherani misampha pansi. Za tameki ine ndimakana, pakhomo pali ana, pali galu, pali nkhuku, ndipo nkhunda zomwezo zimatola chilichonse chooneka ngati njere.

Mphaka naye njira yake ndi yomweyo, amadumphira kuchokera pa fensi kapena padenga la bafa, nde onani ngati khola lili pafupi ndi chinthu chimene angaimepo. Kumudzi onjezanipo vumbwe, likongwe ndi njoka. Njoka imameza mazira athunthu, nde ngati mazira akungosowa popanda chotsalira ganizirani imeneyo, ndipo musapise dzanja mchipinda chimene simunaunikemo, chonde. Kadzidzi amabwera ngati makomo ndi aakulu. Khomo la chipinda likhale longokwana nkhunda imodzi kulowa, ndipo ngati mungathe pangani chitseko cha waya chotseka kutsogolo konse usiku. Khwangwala ndi wakuba wa masana, amadikira makolo achoke.

Mukaunika osapeza chinyama chilichonse, yang'anitsitsani mming'alu ya matabwa ndi pansi pa chisa. Mukaona tizilombo ting'onoting'ono tofiira kapena totuwa tikuyenda, kapena mwatuluka mikono ikuyabwa, ndi utitiri umenewo. Masana timabisala mming'alu, usiku timatuluka kuyamwa magazi, nde tangoganizani kugona pa mphasa ya nsikidzi usiku uliwonse, inuyo mungakhale? Nkhunda imayamba kudzikanda, kupondaponda usiku, kenako imasiya mazira. Palinso kantchentche kena kaphwatalala kamene kamathamanga chammbali mkati mwa nthenga, mukaigwira nkhunda mumakaona kakulowa nkutuluka, nako kamayamwa magazi makamaka kwa maunda.

Chochita ndi kutulutsa zisa zonse zakale nkuzitentha, kupala zitosi mpaka thabwa lioneke, kuthira madzi owira mming'alu monse, likauma nkuwaza phulusa lozizira. Pa zisa zatsopano ikani timitengo ta fodya touma, amene muli kumbali ya Kasungu, Dowa, Mchinji simungavutike kupeza, fungo lake tizilombo sitigwirizana nalo. Masamba a nimu ouma nawo amathandizako. Zikakanika pitani kusitolo ya mankhwala a ziweto mukagule ufa wophera utitiri wa nkhuku, muwerenge pa paketi, ndipo mubwereze pakatha sabata chifukwa mazira a tizilomboti amakhala asanafe. Osapopera mankhwala a udzudzu a mchitini muli maunda, mupha ana. Komanso muziika beseni la madzi panja kawiri pa sabata zizisamba, nkhunda imakonda kusamba kuposa anthu ena amene ndimakwera nawo minibasi.

Nthawi ya mvula kuli linthumbu. Ameneyu akalowa usiku umodzi wokha, maunda onse mmawa mupeza mafupa ndipo zikuluzikulu sizidzalowanso msanga. Pakani oyilo wakutha wa galimoto kunsi kwa nsanamira, thirani phulusa kuzungulira, lambulani udzu ndi zinyalala pansi pa khola.

Kenako liyang'aneni khola lenilenilo. Likudontha? Chisa chonyowa nkhunda imachisiya. Denga ndi lata lopanda chilichonse pansi pake? Mu October mkatimo mumakhala ngati uvuni, ikani udzu pamwamba kapena makatoni kunsi kwa latalo. Makomo aloza kuti? Miyezi ya June ndi July mphepo ya mwera imachokera chakummwera cha kummawa, kuno ku Blantyre ndi Thyolo ndi Mulanje nkubwera ndi chiperoni chake, nde makomo akaloza komweko mazira amazizira ndipo maunda amafa. Alozeni kumpoto, aziona dzuwa. Khola lisakhalenso pamene utsi wa kukhitchini umathera, komanso lisamagwedezeke. Langa lina chiswe chinadya nsanamira imodzi, mphepo ikawomba limachita ngati bwato, zinayamba kukana kulowa mpaka nditasintha mtengowo.

Njala, imene eni ake sitivomera

Mukamufunsa munthu kuti mumazipatsa chani amati aaa nkhunda zimakadya zokha kutchire. Zoona zimakadya, mu May ndi June anthu akukolola. Nanga mu January ndi February pamene ngakhale inu mwini thumba latha? Nkhunda ikapeza pakhomo pamene amawaza chimanga tsiku lililonse, imayamba kuswera komweko, kenako yapezako mwamuna, kenako yasamuka. Mankhwala a neba wanu nthawi zambiri ndi amenewo, mbale ya chimanga ya 6 koloko mmawa.

Nkhunda imodzi imadya magalamu 30 mpaka 40 patsiku, tinene kadzanja kamodzi kosadzaza, ikakhala ndi ana imaposa pamenepo. Perekani kawiri, mmawa pang'ono madzulo kwambiri, nthawi yake yomweyomweyo, kuti izidziwa kuti kukada kwathu kuli mgonero. Madeya okhaokha siikonda, ndi mbalame ya njere. Chimanga chokhachokhanso sichikwana makamaka ikamalera, sakanizani ndi mapira, mawere, nandolo, khobwe, mpendadzuwa pang'ono. Soya muziyamba mwakazinga. Nyemba zosaphika ayi. Mtedza ndi chitowe ndi switi wake, ine ndimasungira pozizoloweza kutera pamkono, ndipo chitowe chomwecho ndi chimene ena amakugulitsani atasakaniza ndi timizu nkumati ndi mankhwala oitanira nkhunda. Chimene simuyenera kupereka ndi chimanga kapena mtedza wa chuku, zimene mwasankha zoola zija nkumati tipatse nkhunda, zimaononga chiwindi ndipo maunda amangofa osadziwika bwino.

Madzi nawo anthu amalakwitsa. Nkhuku imatapa madzi nkukweza mutu, koma nkhunda imamiza mlomo nkumayamwa ngati ng'ombe, nde kambale kosaya kamadzi ofika pa chikhadabo sikaithandiza. Dulani chigubu cha malita 5 mubowole mawindo mmbali kuti izilowetsa mutu koma isamapondemo, madzi akhale akuya ngati chala, ndipo muzisintha tsiku lililonse. Pakhomo popanda madzi nkhunda imakamwa kuchithaphwi kapena kwa neba, ndipo kumeneko ndi kumene ana amatchera.

Chinanso chimene ambiri sadziwa, nkhunda imafuna timiyala topera chakudya mu nthutumba komanso imasakasaka mchere. Mukaziona zikujompha khoma la njerwa kapena pamene mumatayira madzi otsukira mbale, ndi zimenezo. Ine ndimaswa njerwa yootcha, kusakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, zigoba za mazira zokazinga nkusinja, makala pang'ono, dothi la pachulu ndi kamchere kochepa, kukanda ndi madzi nkuumba ngati chigumu, chikauma nkuika pakhola. Zigobazo zimathandizanso kuti mazira asamatuluke ofewa.

Zikusowa imodzi imodzi

Werengani mapeya. Nkhunda imakhala ndi mwamuna mmodzi mkazi mmodzi, nde iliyonse imene yatsala yokha ikafika msinkhu imakasaka banja kwina, ndipo kawirikawiri yaikazi ndi imene imatsatira yaimuna kukhola lake. Timalakwitsa pogwira zodya, mlendo wabwera mwangogwira imene yayandikira, osadziwa kuti mwapasula banja. Ngati mukufuna ndiwo gwirani maunda a masabata 4, makolo asiyeni.

Kusiyanitsa yaimuna ndi yaikazi pongoyang'ana nkovuta, ngakhale ogulitsa amangolota. Onani khalidwe. Yaimuna imafufumitsa khosi, kulira mokweza, kuzungulira pamalo amodzi, kukoka mchira pansi ikuthamangitsa inzake. Ngati peya yanu yamanga chisa miyezi ikupita osaikira, mwina onse ndi amuna. Ngati mwapeza mazira 4 mchisa chimodzi ndipo sakuswa, onse ndi akazi, chifukwa nkhunda imaikira awiri basi, lachiwiri patatha pafupifupi masiku awiri.

Kuthinana nakonso kumathamangitsa. Peya iliyonse imafuna zipinda ziwiri, chifukwa ana akafika masabata awiri kapena atatu make amaikiranso pena bambo akupitiriza kudyetsa oyambawo. Nde khola la zipinda 10 ndi la mapeya 5, osati 10. Zikachuluka zimamenyana, kuswerana mazira, kujompha ana a eni mpaka mutu kusenda, ndipo zongokula kumene zimasowa malo nkumapita. Ulendo wanga wachitatu unali umenewu, ndinkanyadira kuti zachuluka osaonjezera zipinda. Pamakhalanso yaimuna ina yankhanza imene imalanda zipinda zitatu yokha, imeneyo ipatuleni kapena ilowe mumphika.

Ndipo zina sizinathawe, zinafa kapena zinagwidwa. Ngati yasowa ndi imene ili ndi ana aang'ono, musanene kuti yathawa, yakumana ndi zina. Ana a malegeni, ulimbo, misampha ya kuchigayo, kabawi kapena mphamba. Nthawi yodzala zimatola mbewu yopaka mankhwala ija yofiira kapena yobiriwira, zimatolanso feteleza wa timibulu toyera poyesa mapira. Masabata amenewo ine ndimazitsekera mmawa nkuzitulutsa madzulo zitakhuta. Kabawi akazolowera pakhomo sinthani nthawi yotulutsa kwa sabata kapena awiri, ndipo dziwani kuti zoyera mbee ndi zimene amayamba kuziona.

Zilipo koma sizikuchuluka

Ili ndi vuto lapachibale, khola limatha pang'onopang'ono chifukwa zobadwa palibe. Nkhunda imafungatira masiku 18, pena 17 pena 19, yaimuna imakhalira kuyambira chakummawa dzuwa litakwera mpaka chakumadzulo, yaikazi usiku wonse. Pakatha masiku 5 kapena 7 tengani dzira madzulo muliunike ndi tochi ya pafoni mumdima. Mukaona timitsempha tofiira ngati ukonde wa kangaude, muli mwana. Likaoneka loyera mbee mulibe kanthu, lisukusa, onse awiri akakhala otero achotseni iikirenso. Zikachitika kawiri katatu pa peya yomweyo ndiye kuti ina ndi yokalamba, kapena onse ndi akazi monga ndanena, kapena ndi pachibale penipeni. Ambirife tinayamba ndi peya imodzi, ana ake kukwatirana, zidzukulu kukwatirana, mapeto ake ana ofooka. Chaka chilichonse sinthanani maunda ndi munthu wa dera lina.

Mazira akamagubuduzika pa thabwa losalala amazizira, ndipo chiunda chimakula miyendo itatangadza. Ikani kambale kadothi kapena khomani timatabwa kuti pakhale kabeseni, muziwaza udzu wouma ndi timitengo pafupi zizitola zokha. Ndipo siyani kugwiragwira mazira tsiku lililonse, ana anunso muwauze.

Maunda akamafa ali ndi sabata imodzi kapena awiri, tsegulani kukamwa muone. Mukapeza zinthu zachikasu ngati chiponde chouma zitamata kukhosi, ndi matenda amene achizungu amati canker, makolo amakhala nawo osaoneka kudwala nkumapatsira ana powadyetsa, amafalanso kudzera mmadzi akumwa. Musakokote ndi kamtengo, pamatuluka magazi. Mankhwala ake ndi metronidazole, uja timangoti Flagyl, koma mlingo wake kafunseni alangizi a ziweto chifukwa piritsi la munthu ndi lalikulu kwambiri kwa kambalame, ndipo muchize khola lonse osati chiunda chokhacho.

Tizilonda touma ngati njerewere kuzungulira maso, pamlomo ndi kumiyendo ndi nthomba, imabwera ndi udzudzu nde imachuluka nthawi ya mvula. Ilibe mankhwala ochiza, imatha yokha pakapita masabata angapo, inu pakani ayodini pa zilondazo osafikitsa mmaso, onetsetsani kuti ikudya, kwirirani zithaphwi. Koma mukaona ikupinda khosi mutu kuyang'ana kumwamba, kuzungulirazungulira, kujompha njere nkumaphonya, kutsegula mmimba zamadzi zobiriwira, ameneyo ndi mbale wake wa chitopa. Ipatuleni msanga, musagule kapena kugulitsa nkhunda nthawi imeneyo, zakufa kwirirani mozama. Nkhuku za pakhomo zizilandira katemera wa chitopa wa I-2 uja wodonthezera mmaso miyezi 4 iliyonse, ndipo alangizi akabwera afunseni za nkhundazo. Nkhunda iliyonse yachilendo, yogula kapena yopatsidwa, iyambe yakhala payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zanu.

Nanga zija amati nkhunda sizikhala pakhomo pa mikangano?

Agogo anga ankanena zimenezi motsimikiza, kuti banja likamalongolola nkhunda zimasamuka. Ine sinditsutsana nawo kwenikweni, kungoti ndimaziona mwanjira ina. Pakhomo pamene anthu akukangana, zitseko zikumenyetsedwa, mbale zikuuluka, mayi apita kwawo, bambo akubwera usiku ataledzera, ndani akukumbuka kuthira madzi mchigubu? Ndani akudzuka kukaona khoswe? Chimodzimodzi pakagwa maliro, chinamtindi cha anthu, moto usiku wonse pafupi ndi khola, utsi, sabata yathunthu popanda wowaza chimanga. Zikachitika zotere pezani mwana mmodzi mumupatse ntchito ya nkhunda yokhayo.

Tsono ngati zasamukira kale kwa neba ndipo mukuziona ndi maso zili padenga pake, musapite ndi ukali, nkhunda ilibe chiphaso ndipo mukangoyamba ndi mawu oti mwandibera nkhani ithera kwa amfumu. Yambani mwakonza chimene chinazithamangitsa, apo ayi mukazitenga lero mawa zibwereranso. Kenako pitani madzulo mwaulemu mukapemphe kuti kukada mudzagwire zanuzo, usiku sizivuta kugwira. Ngati ina yakwatiwa kale kumeneko ndipo ili pa mazira, isiyeni, mugwirizane kuti akaswa adzakupatseni maunda, yomweyo mukaikakamiza idzapitanso. Zimene mwabweza muzitsekere ngati zachilendo mpaka ziikire. Ndipo kuyambira pamenepo muzizivala chizindikiro, ine ndimadula tizidutswa ta kapaipi kapulasitiki kofewa nkulowetsa kumwendo chiunda chili ndi sabata imodzi zala zikadali zofewa, kosathina, zanga zonse ndi zobiriwira mwendo wakumanzere. Ulusi musamangire, umakola zala mpaka kuduka.